Mawindo, AC kapena sefa: tisankhe chiyani m'maofesi a ku Tete?

Ambiri mwa ife amene timagwira ntchito m'maofesi a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize timaganiza kuti AC (makina oziziritsira m'chipinda) imakoka mpweya wa panja, kuuziziritsa, n'kuulowetsa m'chipinda. Sizitero ayi. AC ya pakhoma, ya zigawo ziwiri ija, china mkati china kunja, imayamwa mpweya wa m'chipinda momwemo, kuudutsitsa pa timapaipi tozizira, n'kuubwezanso. Pa bowo la pakhoma lija pamangodutsa timapaipi ta gasi, mawaya a magetsi ndi paipi yotaya madzi. Mpweya watsopano sudutsapo. Choncho mukatseka chitseko m'mawa, mawindo onse n'kukhoma kuti kuzizira kusathawe, zimene mukupuma pofika 3 koloko masana n'zimene zatuluka kale m'zifuwa za anzanu. Zili ngati anthu onse a pa ukwati kusamba m'manja m'beseni limodzi, wina n'kumangoponyamo ayezi m'malo mosintha madzi.

Zotsatira zake tonse timazidziwa, kungoti timazikankhira kwina. Mutu kuwawa nthawi ikamapita ku 2 koloko, maso kuyabwa, kukhosi kuuma, mphuno kutseka, tulo kubwera pa desiki chonsecho usiku munthu wagona bwinobwino. Wina amati ndi malungo akudza, wina amanamizira nsima ya masana. Dzifunseni chinthu chimodzi: kodi Loweruka ndi Lamlungu, kapena mukapita kukaona makolo ku Angónia, zimenezi zimakutsatani? Ngati zimatsala ku ofesi n'kukudikirani Lolemba, vuto lili m'nyumbayo. Ndipo si za lero. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, omanga nyumba ku Ulaya ndi ku America anayamba kumata maofesi ndi kuchepetsa mpweya wolowa kuti asamawononge ndalama zambiri potenthetsa ndi poziziritsa. Antchito anayamba kudwaladwala, ndipo mu 1984 lipoti la WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, linati nyumba zatsopano kapena zokonzedwanso zokwana mwina 30 pa 100 zilizonse zili ndi vuto la mpweya. Ife tikulowa mumsampha womwewo, chotikankha ndi dzuwa ndi mayunitsi a Credelec.

Kukanakhala kwina tikanangoti tsegulani mawindo, nkhani n'kutha. Koma kuno kunja nako si kwabwino. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umapyola madigiri 40 kawirikawiri. Kuyambira Ogasiti tchire limayaka, utsi n'kudzaza chigwa cha Zambezi. Pa msewu wa N7 wopita ku Zóbuè magalimoto a katundu satha, ndipo ku Moatize, kumene migodi ikuluikulu inayamba kutulutsa malasha mu 2011, munthu amapukuta tebulo madzulo, m'mawa n'kupeza chala chikusiya mzere pa fumbi lakuda. Ndiye adani athu ndi atatu: kutentha, fumbi ndi utsi wa kunja, komanso mpweya wopumidwa kale wa mkati. Pa makina a m'maofesi ang'onoang'ono, palibe amodzi amene amagonjetsa onse atatu. Njira iliyonse tiziifunsa kuti ikugwira mdani uti, nanga ikulekerera uti.

Tidziwe kaye kuti mpweya wokwanira ndi wochuluka bwanji. Mu 2021 WHO inalangiza kuti m'maofesi ndi m'nyumba zina zosonkhanamo anthu muzilowa mpweya wa kunja wosachepera malita 10 pa sekondi pa munthu aliyense. Titenge chipinda cha mamita 4 m'lifupi, 5 m'litali, 3 kupita m'mwamba, mokhala anthu 6. Mpweya wonse wa mmenemo ndi 60 m³, kutanthauza malita 60,000. Anthu 6 akufunika malita 60 pa sekondi, amene ndi 216 m³ pa ola. Ndiye kuti mpweya wonse wa m'chipindacho uyenera kusinthika katatu kapena kanayi pa ola lililonse. Kampata ka pansi pa chitseko sikangakwanitse ntchito imeneyo.

Chosavuta kuyeza ndi CO2, mpweya umene timatulutsa popuma. Panja umakhala pafupifupi 420 ppm, kutanthauza magawo 420 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Munthu wokhala pa desiki amatulutsa pafupifupi malita 18 pa ola, moti chipinda chathu chija chitatsekedwa kotheratu chingadutse 1,000 ppm theka la ola lisanathe. Malire a 1,000 amenewa ndi akale, anawaika Max von Pettenkofer wa ku Munich mu 1858, ndipo mpaka pano akatswiri amawagwiritsabe ntchito. Pa mlingo umenewu mpweyawu sumapha munthu. Phindu lake n'lakuti umatiuza kuchuluka kwa mpweya wa m'zifuwa za ena umene tikukoka: pa 800 ppm ndi gawo limodzi pa 100, pa 1,200 ndi magawo awiri, pa 2,400 ndi asanu. M'mpweya umenewo ndi mmene mumayenda chimfine, COVID-19 ndi TB. Mu Malichi 2020, mu ofesi ina yoyankha mafoni ku Seoul, anthu 94 mwa 216 a pa nsanja imodzi anatenga COVID-19, ambiri okhala mbali imodzi ya nyumbayo. Ife chodetsa nkhawa kwambiri ndi TB, chifukwa Mozambique ili pa mndandanda wa WHO wa mayiko 30 amene matendawa ndi ochuluka, ndipo tizilombo take timayandama mumpweya wa chipinda chotseka kwa maola angapo wodwala atatuluka kale.

Mawindo ndi zitseko

Pa kusintha mpweya, zenera lotsegula limaposa makina ambiri odula. Mu 2007 dokotala wina dzina lake Rod Escombe ndi anzake anafalitsa zimene anayeza m'zipatala za ku Lima, ku Peru. Atatsegula mawindo ndi zitseko, mpweya unkasinthika pafupifupi ka 28 pa ola. M'nyumba zakale za denga lalitali ndi mawindo akuluakulu unkafika ka 40, pamene m'nyumba zamakono unkathera pa 17. Yerekezani ndi kanayi kamene tikufuna ife. Amene amagwira ntchito m'nyumba zakale za khonde lalikulu, denga lalitali ndi timawindo ta pamwamba pa chitseko ali ndi chuma chimene ambiri sachiona. Zimandipweteka kuona nyumba zoterozo akuzitsitsa siling'i, timawindo ta pamwamba n'kumata ndi simenti kuti AC igwire msanga.

Ku Ulongwe, ku Tsangano ndi kumapiri konse kwa Angónia, sindikuona chifukwa chogulira AC. Kumeneko mawindo ndi okwanira chaka chonse, bola atsegulidwe mwanzeru. Zenera limodzi silokwanira kwenikweni, mpweya umafuna polowera ndi potulukira. Tsegulani mbali ziwiri zoyang'anana, kapena zenera ndi chitseko cha ku kolido. Mpweya wotentha umakwera, choncho potulukira pakakhala pamwamba umayenda wokha ngakhale kunja kuli bata. Vuto la kumeneko ndi Juni ndi Julayi, pamene aliyense amatseka chifukwa cha chisanu, ndipo ndi nyengo yomweyo ya chimfine. Valani juzi, mawindo a pamwamba akhale otsegula pang'ono. Mbaula ya makala isalowe mu ofesi yotseka, ngakhale alonda a usiku atapempha bwanji, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo.

Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize zenera limabweretsa zonse, zabwino ndi zoipa. Limalowetsa kutentha, phokoso, ntchentche ndi fumbi, ndipo waya wa udzudzu amachepetsa mphepo koma fumbi laling'ono limadutsa ngati palibe kanthu. Fumbi limene timaliona patebulo si limene limaopsa kwambiri, chifukwa lambiri limakodwa m'mphuno ndi kukhosi. Loopsa ndi losaoneka, lotchedwa PM2.5, laling'ono kuwirikiza pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi tsitsi la munthu, limene limafika pansi pa mapapo. WHO imati pa tsiku lisapitirire ma microgram 15 pa 1 m³. Komabe sindinganene kuti mawindo asiyidwe. Chofunika n'kusankha zenera ndi nthawi. Tsegulani a kumbuyo, osati oyang'ana kumsewu. M'nyengo yotentha tsegulani onse m'mamawa anthu asanafike, komanso pa nthawi ya chakudya chamasana kwa mphindi 10 kapena 15. M'nyengo yozizira zimatembenuka: m'mamawa ndi madzulo utsi wa mbaula ndi wa magalimoto umagona pansi, ndiye ndi bwino kudikira dzuwa likwere kaye.

Za fani n'zachidule. Fani ya kudenga kapena yoimika sisintha mpweya, imangoutakasa. Imaziziritsa thupi poumitsa thukuta, ndipo kukapyola madigiri 40 m'chipindamo imangokuuzirani moto, n'chifukwa chake WHO imati isagwiritsidwe ntchito pamenepo. Koma fani yomweyo mukaiimika pa zenera kuyang'ana kunja, zenera lina lili lotsegula, yasanduka chokoka mpweya. Imadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi AC.

AC yokha, zonse zili zotseka

Iyi ndi njira ya maofesi ambiri, ndipo sindikufuna kuinyoza, chifukwa kutentha kwa ku Tete nakonso kumadwalitsa, makamaka a vuto la mtima, a BP ndi amayi oyembekezera. AC imagonjetsa kutentha, ndipo popeza mawindo ndi otseka, fumbi lolowa limachepa. Adani awiri yawagwira. Wachitatu ndiye imamunenepetsa. Mpweya wopumidwa kale umangozungulira, ndipo mphepo ya AC imanyamula chifuwa cha amene wakhala pansi pake n'kukapereka kwa amene wakhala kumapeto. Kuika pa madigiri 16 kapena 18, monga ambiri amachitira, kumaumitsa mphuno ndi kukhosi, ndipo munthu wa mphumu amabanika akamalowa ndi kutuluka pakati pa 18 ndi 42. Malangizo a WHO ndi oti AC ikhale pa 27, fani n'kuyatsidwa. Thupi limamva ngati kwazizira ndi madigiri 4 ena, ndipo magetsi oziziritsira angatsike mpaka ndi 70 pa 100.

Kenako pali ukhondo wa makinawo. Zimitsani AC, kwezani chivundikiro cha kutsogolo ndi manja awiri, chimatseguka popanda sikuludiraiva. Mupezamo masefa awiri a pulasitiki okhala ngati neti. Ngati papita miyezi osawagwira, sawonekanso timabowo, amakhala atavala bulangete la imvi, ndipo ku Moatize limakhala lakuda bii. Akokereni pansi pang'onopang'ono kuti fumbi lisagwere pa desiki, kawatsukeni pa mpopi panja kuchokera kumbuyo kwake, muona madzi akuda akutsika. Aumitseni pamthunzi, chifukwa dzuwa la kuno limapinda pulasitiki, ndipo musawabwezere asanaume. Opanga ma AC amati izi zizichitika milungu iwiri iliyonse. M'nyengo ya fumbi ine ndinganene mlungu uliwonse. Ntchito imeneyi sifuna mmisiri, koma pamafunika munthu mmodzi wodziwika kuti ndi yake, apo ayi aliyense amayesa kuti mnzake wachita. Dziwaninso kuti masefa amenewa anawapangira kuteteza makina, osati mapapo anu. Amagwira thonje ndi fumbi lalikulu, PM2.5 imadutsa.

Masefa akachoka, walitsani tochi ya foni mkati, makamaka pa chogudubuza chimene chimaponya mphepo ndi pa timapiko ta pakamwa pa AC. Timadontho takuda tomata pamenepo ndi chuku. Chimamera chifukwa mkatimo mumachita mame, madziwo amagwera m'kathireyi n'kutuluka ndi paipi. Paipi ikatseka ndi matope a fumbi, madzi amadikha, khoma limayamba kuyenda madzi, ndipo AC ikangoyatsidwa m'mawa chipinda chimanunkha ngati chovala chonyowa. Fungo limenelo musalizolowere. Chuku chimadzutsa mphumu, chimatseketsa mphuno ndi kuyambitsa chifuwa chosatha. Apa ndiye pofunika mmisiri wa mafiriji ndi ma AC, kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndi itatha. Muuzeni momveka kuti mukufuna atsuke timapaipi tozizira, chogudubuza, thireyi ndi paipi ya madzi, chifukwa ena amangowonjezera gasi n'kulemba risiti.

AC pamodzi ndi fani yolowetsa mpweya

Kwa ofesi ya mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, iyi ndiyo njira imene ndingasankhe. AC izichita ntchito yake yoziziritsa, pakhoma n'kuika fani yaing'ono yosintha mpweya, yoyaka nthawi zonse anthu ali mkati. Pa bokosi la fani yotere amalemba mphamvu yake mu m³ pa ola. Werengani anthu, aliyense m'patseni 36, ndiye kuti ofesi ya anthu 6 ikufuna fani ya 250 kapena 300, powerengera kuti sefa ndi paipi zimaibweza m'mbuyo.

Pali mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kuno kwathu. Yotulutsa mpweya, ngati ya m'bafa ija, ndi yotchipa ndipo imapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira. Koma mpweya umene yatulutsa uyenera kulowa kuchokera kwina, ndipo umalowera paliponse pali mpata: pansi pa chitseko, m'mbali mwa mawindo, kudenga, ngakhale kuchokera ku chimbudzi. Kumalo a fumbi, yotulutsa imakukokerani fumbi m'nyumba. Yolowetsa ndi imene ili bwino kumeneko. Imakoka mpweya wa kunja, kuudutsitsa pa sefa, n'kuukankhira m'chipinda, ndipo mpweya wakale umathawira m'mipata ija. Mipata imene inkalowetsa fumbi imasanduka potulukira. Masefa akhale awiri, yoyamba yokhakhala ya G4 yogwira fumbi lalikulu, yachiwiri yosalala ya F7 kapena MERV 13 (zilembo ndi manambalawa ndi milingo ya mphamvu ya sefa). Yotulutsa isungireni ku chimbudzi, ku khitchini ndi ku chipinda cha fotokope.

Kuipa kwake kulipo. Mukulowetsa mpweya wa madigiri 40, ndiye AC igwira ntchito yambiri ndipo mayunitsi azitha msangako. Mbali ina ya ndalama imeneyo imabwerera mukakweza AC kufika pa 26 kapena 27. Masefa amafuna kugula kawirikawiri, choncho musanaboole khoma funsani kaye ngati a saizi imeneyo amapezeka ku Tete kapena mpaka kuitanitsa ku Beira kapena ku Maputo. Polowera mpweya pakhale pamwamba, kumbuyo kwa nyumba, kutali ndi poimika magalimoto, jenereta, dzala ndi paipi ya chimbudzi. Poyesa ngati ikugwira ntchito, tsekani chitseko n'kulendewetsa kapepala ka tishu pa mpata wa pansi: kakapendekera kunja, zili bwino. Alipo makina ena amene amaziziritsa mpweya wolowa pogwiritsa ntchito wotuluka, osawasakaniza. Amapulumutsa magetsi, koma ndi odula ndipo amisiri ake ndi ochepa. Amayenera amene akumanga nyumba yatsopano.

Makina osefa mpweya

Awa ndi mabokosi oimika pansi, okhala ndi fani ndi sefa ya HEPA, imene imagwira 99.97 pa 100 ya tinthu ta 0.3 micron. Fumbi la malasha, utsi wa tchire, chuku ndi timadontho tonyamula tizilombo zonse zimakodwa. Kwa munthu wa mphumu wogwira ntchito ku Moatize, kapena kwa ofesi yobwereka imene mwini nyumba waletsa kuboola khoma, palibe choposa. Koma saziziritsa, ndipo CO2 sachotsa. Mutu wa 2 koloko uja ukhalapobe ngati simutsegulako zenera. Pogula musayang'ane magetsi okongola a pamwamba pake, yang'anani nambala ya CADR, yosonyeza kuchuluka kwa mpweya wosefedwa umene makinawo amatulutsa. Kuti mpweya wa chipinda cha 60 m³ usefedwe kasanu pa ola pakufunika 300 m³ pa ola, ndipo nambala imeneyo amayeza makina ali pa liwiro lalikulu, la phokoso, limene anthu sachedwa kulitsitsa. Awiri apakati oyenda mwakachetechete amaposa amodzi aakulu. Amene manja awo ndi aluso angapange awo: mu 2020 Richard Corsi ndi Jim Rosenthal anasonyeza bokosi la masefa anayi kapena asanu a MERV 13 omatidwa ndi tepi, fani ya makona anayi ili pamwamba, ndipo limasefa bwino ndithu. Chovuta kuno ndi kupeza masefawo.

Chenjerani ndi makina amene amati amapha tizilombo ndi mpweya wotchedwa ozone. Ozone imapsereza mapapo ndipo imadzutsa mphumu, isayatsidwe m'chipinda muli anthu. Mankhwala opopera onunkhiritsa sachotsa kanthu, amangowonjezera zina zoti mapapo alimbane nazo. Maluwa a m'miphika amasangalatsa maso, asungeni, koma akatswiri a pa yunivesite ya Drexel atawerengera mu 2019 anapeza kuti pangafunike zomera 10 mpaka 1,000 pa 1 m² iliyonse kuti zifanane ndi kusintha kwa mpweya kwa nyumba wamba.

Nyumba zikuluzikulu, monga mahotela ndi maofesi ena a makampani, zili ndi makina amodzi otumiza mpweya m'mapaipi a kudenga. Akapangidwa bwino amagwira adani onse atatu, chifukwa amasakaniza mpweya wa kunja wosefedwa. Koma ali ndi kachitseko kolowetsera mpweya wa kunjawo, ndipo kamatsekedwa mosavuta pofuna kupulumutsa magetsi, popanda wantchito aliyense kudziwa. Ngati mumagwira ntchito m'nyumba yotere, funsani oyang'anira nyumba ngati kachitsekoko kali kotsegula ndiponso kuti masefa anasinthidwa liti. Makina ena aakulu amazizira ndi nsanja ya madzi padenga, ndipo mmenemo mungaswane tizilombo ta Legionella, timene timakonda madzi a pakati pa madigiri 20 ndi 45. Mu 1976 pa msonkhano wina ku hotela ya ku Philadelphia anthu oposa 200 anadwala chibayo cha tizilomboti ndipo 34 anamwalira. AC ya pakhoma ilibe nsanja yotere, musaiopere zimenezo. Zoyenera kusamala ndi zoziziritsira zothira madzi m'thanki zimene zikugulitsidwa kwambiri masiku ano. Zimagwira bwino mu Sepitembala ndi Okutobala mpweya uli wouma, zimadya magetsi ochepa, ndipo zimafuna zenera lotsegula, chomwe ndi chabwino. Mvula ikayamba zimangowonjezera chinyezi. Madzi a m'thanki atayidwe tsiku lililonse, asagone Loweruka ndi Lamlungu.

Njira iliyonse imene mungasankhe imapepuka mukachotsa zoipitsa mpweya za mu ofesi momwemo, ndipo zambiri sizifuna metikali ngakhale imodzi. Jenereta ikhale mamita osachepera 6 kuchokera pa zenera kapena chitseko, utsi wake uziloza kwina. Mu 2012 bungwe la WHO lofufuza za khansa linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo jenereta ya petulo yoikidwa m'kolido ingaphe anthu tsiku lomwelo. Fotokope yaikulu ichoke pambali pa mlembi, ipite pafupi ndi zenera. Amayi kapena abambo okonza mu ofesi apatsidwe mopu ndi nsalu yonyowa m'malo mwa tsache, ndipo azikonza mawindo ali otsegula. Iwowa ndi amene amameza fumbi lochuluka kuposa tonsefe, n'chifukwa chake masiki yabwino iyenera kuyambira kwa iwo. Madesiki atsopano a matabwa opanikiza, penti ndi guluu wa kapeti zimatulutsa fungo loluma m'maso kwa milungu ingapo, zisiyeni pa mphepo musanatseke chipinda. Mankhwala a udzudzu ndi mphemvu apoperedwe Lachisanu madzulo, osati Lolemba m'mawa. Bwalo la fumbi kutsogolo kwa ofesi lithiridwe miyala kapena kapinga.

Kumalo odikirira anthu ambiri, monga ku chipatala kapena kolembetsa zikalata, njira yoyamba ndi kuika mabenchi pakhonde pamthunzi. Ngati n'zosatheka, pali nyale za UV, za kuwala kopha tizilombo, zoikidwa pamwamba pafupi ndi denga, zimene pa kafukufuku wa ku eMalahleni ku South Africa zinachepetsa kufala kwa TB ndi pafupifupi 80 pa 100. Zimafuna katswiri poika, chifukwa zikaloza pansi zimawononga maso ndi khungu. Koma makina onsewa sangalowe m'malo mwa kuyezetsa. Mnzanu akatsokomola milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku, akuonda, apite ku chipatala. Kuyeza ndi mankhwala a TB ndi zaulere m'zipatala za boma, ndipo munthu akayamba mankhwala oyenera, kupatsira ena kumachepa msanga. Chimene chimabisitsa anthu chifuwa ndi mantha a kuchotsedwa ntchito ndi kusalidwa. Bwana amene amauza antchito ake poyera kuti wodwala TB ntchito yake imusungidwira wateteza ofesi yonse.

Nanga alipire ndani? Lamulo la ntchito, Lei n.º 13/2023, limapereka kwa wolemba ntchito udindo wa ukhondo ndi chitetezo cha pamalo a ntchito, ndipo a Inspecção Geral do Trabalho, nthambi ya boma yoona za pa ntchito, ndi amene amayendera. Koma musanafike kumeneko, nambala zimalankhula bwino kuposa madandaulo. Kachipangizo koyezera CO2, ka mtundu wa NDIR, n'kakang'ono ngati wailesi ya m'thumba, ndipo maofesi angapo angasonkherane kamodzi n'kumabwerekana. Kaikeni patebulo, kutali ndi zenera ndi pakamwa pa munthu, n'kulemba nambala m'mawa, masana ndi poweruka kwa mlungu umodzi. Ndi pepala limenelo mungalowe kwa akuluakulu n'kunena mwaulemu kuti: "Bwana, taonani mmene zikukhalira m'chipinda chathu. Sitikupempha AC ina, tikupempha fani ya pakhoma ndi kuti mmisiri azibwera kawiri pa chaka." Pempho lotero n'lotchipa kuposa masiku amene anthu amajomba chifukwa cha chimfine.

Amene ndimawadera nkhawa kwambiri ndi a m'makontena, amene ndi maofesi a makampani ambiri omanga ndi a ku migodi. Kontena ya mafiti 20 ili ndi mpweya wa pafupifupi 33 m³ basi, theka la chipinda chathu chija, ndipo inapangidwa kuti madzi a m'nyanja asalowe, ndiye mipata ndi yochepa. Anthu anayi akachita msonkhano mmenemo chitseko chili chotseka, 1,000 ppm imadutsidwa mphindi 20 zisanakwane, ndipo kunja n'kumene kuli fumbi lochuluka kuposa kwina kulikonse. Kumeneko kutsegula chitseko si yankho, ndipo AC yokha si yankho. Pafunika fani yolowetsa ya 150 kapena 200 m³ pa ola yokhala ndi masefa awiri aja kumapeto amodzi, kabowo kotulukira kumapeto ena, ndi denga lachiwiri la malata pamwamba, lotalikirana ndi kontena pang'ono kuti mphepo izidutsa pakati ndipo AC isamalimbane ndi chitsulo chowotchedwa ndi dzuwa tsiku lonse.